KAMERA YA TIMADONTHO TAMBIRI KAPENA YA LIWIRO: BANJA LIGULE ITI?

Nyengo yokolola ikatha, cimanga, nshawa ndi soya zitagulitsidwa, m'mabanja ambiri a kumidzi mumabuka nkhani ya mmene ndalama zingagwiritsidwire nchito kuti zibale zinzace. Ena amagula ng'ombe zolimira, ena malata, enanso amatsegula kantemba m'mbali mwa mseu. Koma zaka zino kwaonekanso anyamata ndi atsikana amene akupempha makolo ao kuti awagulire kamera, nanena kuti kujambula zithunzi pa maukwati, pa miyambo ndi pa masewera a mpira ndi nchito yotha kudyetsa munthu pamodzi ndi banja lace.

Pempho lotere liri ndi nzeru zace. Wojambula wa panjinga uja, amene kale anali kuzungulira midzi ndi kamera ya filimu ndi kubweretsa zithunzi patapita masabata awiri, anaphunzitsa ana ace sukulu ndi nchito yomweyi. Lero mafoni aculuka, komabe banja limene laononga ndalama zambiri pokonza ukwati limafunabe katswiri woti alijambule zithunzi zopacika pakhoma.

Bvuto limayambira m'sitolo. Mwana akafika ku Lusaka, kapena akayang'ana pa intaneti, amapeza kuti makamera a akatswiri ali a mitundu iwiri. Ina amaitamanda kuti iri ndi mamegapikiseli ambiri, kotero kuti imaonetsa ngakhale tsitsi limodzi la m'mutu. Inzace iri ndi mamegapikiseli ocepa, koma amaitamanda kuti imajambula zithunzi zambirimbiri pa sekondi imodzi. Codabwitsa n'cakuti kawirikawiri ya ciwerengero cocepa ija ndiyo yokwera mtengo. Mwana amabwerera kumudzi mutu utaima, ndipo makolo, amene mwina agulitsa ng'ombe kuti ndalama zikwane, amasowa comulangiza. Danga lino sabata ino lifotokoza kusiyana kwa makamera awiriwa, kuti banja lidziwe cimene likugula lisanatulutse ndalama, pakuti safunsa anadya phula.

TIMADONTHO NDI CIANI?

Cithunzi ca kamera ya digito cimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono ta mitundu yosiyanasiyana, tondandalikidwa m'mizere monga mikanda yolukidwa. Munthu akaima patali saona mkanda umodziumodzi. Amaona duwa kapena nkhope. Timadontho tokwana miliyoni imodzi ndito timachedwa megapikiseli. Timeneti timakhala pa kacipangizo kochedwa sensa, kamene kali kumbuyo kwa lenzi, pamalo pamene kale panali kukhala filimu. M'makamera ambiri a akatswiri sensa ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, mofanana ndi kagawo kamodzi ka filimu yakale.

M'caka ca 1975 injiniya wa kampani ya Kodak ku America, dzina lace Steven Sasson, anapanga kamera ya digito yoyamba yonyamula m'manja. Inali yolemera makilogalamu 3.6, inali ndi timadontho 10,000 tokha, ndipo inali kutenga masekondi 23 kuti ilembe cithunzi cimodzi pa tepi ya kaseti. Kucokera pamenepo ciwerengero ca timadontho cakhala cikukwera, mpaka lero m'masitolo muli makamera a mamegapikiseli 45, 61 ngakhale 100.

Tsono funso lofunika ndi lakuti: kodi cithunzi cimene kasitomala adzalipira cifuna timadontho tingati? Osindikiza amawerengera timadontho 300 pa inchi iriyonse kuti cithunzi cogwira m'manja cioneke cosalala. Pa muyeso umenewu cithunzi ca pasipoti sicifika ngakhale theka la miliyoni. Cithunzi ca mu alubamu, ca masentimita 10 ndi 15, cifuna mamiliyoni 2 ndi pang'ono. Pepala la A4, lofanana ndi satifiketi ya sukulu, lifuna pafupifupi mamiliyoni 9, ndipo la A3, lalikulu kawiri, lifuna mamiliyoni 17 ndi theka. Kamera ya mamegapikiseli 24 imatulutsa cithunzi cosalala ca masentimita 50 ndi 34, cimene ndi cacikulu kuposa zambiri zopacikidwa m'nyumba za anthu.

Ndiponso zithunzi zambiri masiku ano sizifika papepala nkomwe. Zimatumizidwa pa WhatsApp kapena kuikidwa pa Facebook, kumene kawirikawiri zimacepetsedwa kufika pa timadontho mamiliyoni awiri kapena atatu. Conco munthu angathe kulipira mtengo wa mamegapikiseli 60, koma makasitomala ace n'kumaona atatu okha.

LIWIRO LIRI PAWIRI

Mau akuti liwiro amasokoneza ogula ambiri, cifukwa m'kamera muli maliwiro awiri osiyana. Loyamba ndi la shata, kacitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka kuti kuwala kulowe. Shata ikatseguka kwa kanthawi kocepetsetsa, monga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, munthu wothamanga amaoneka ngati waima, wopanda cimbuuzi. Liwiro limeneli liri m'makamera onse a akatswiri, ya timadontho tambiri ndi ya tocepa yomwe. Wogulitsa akanena kuti kamera ya timadontho tambiri siingathe kuimitsa mpira m'malere, akunama.

Liwiro laciwiri ndilo limasiyanitsa makamerawa: ciwerengero ca zithunzi zimene kamera imajambula motsatizana pa sekondi imodzi cala cikakanikiza batani osacotsa. Phindu lace limaoneka pa zinthu zocitika kamodzi kokha.

Pa 12 Febuluwale 2012, mu mzinda wa Libreville ku Gabon, Stoppila Sunzu anamenya penati imene inapatsa Chipolopolo cikho ca Africa, Zambia itagonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7. Mpira wa penati umayenda mamita 11, ndipo ukamenyedwa mwamphamvu umafika pagolo m'theka la sekondi kapena kuceperapo. M'kanthawi kameneko kamera yojambula zithunzi 4 pa sekondi imapeza ziwiri zokha, mwina cimodzi mwendo usanafike pa mpira, cina mpira uli kale mu ukonde. Yojambula 10 imapeza zisanu, ndipo yojambula 30 imapeza 15. Pakati pa zimenezo wojambula amasankha cija coonetsa mpira, goloboyi ali m'malere, ndi nkhope ya womenya, zonse pamodzi.

Citsanzo cina ndi ca Muzala Samukonga, amene pa masewera a Olympics a 2024 ku Paris anathamanga mamita 400 m'masekondi 43.74 nalandira mendulo ya buronzi. Pa liwiro limenelo munthu amadutsa mamita 9 pa sekondi iriyonse. Kamera ya zithunzi 4 pa sekondi imamuona pano, n'kudzamuonanso atapita mamita oposa awiri. Ya zithunzi 40 imamuona pa masentimita 23 alionse. Mphindi yodutsa pa mzere wotsirizira siibwerezedwa, ndipo wojambula amene waiphonya alibe cogulitsa. Madzi akatayika saoleka.

Kamera yaliwiro imakhalanso ndi luso lotsata cinthu cothamanga kuti fokasi isacoke pa ico. Zithunzi makumi atatu za cimbuuzi ziribe phindu lirilonse, motero wogula ayenera kuyesa luso limeneli poyamba, asanakopeke ndi ciwerengero colembedwa pa bokosi.

PHUNZIRO LA PA CIGAYO

Wina angafunse kuti, nanga opanga makamera analekeranji kuika zabwino zonse ziwiri m'kamera imodzi? Yankho lace liri pa cigayo. Mwini cigayo akaika sefa ya mabowo ang'onoang'ono, ufa umatuluka wosalala, koma mzere wa amai umayenda pang'onopang'ono. Akaika sefa ya mabowo akuluakulu, matumba amadzaza msanga, koma ufa umakhala wamiseremisere. Injini ndi imodzi yomweyo, ndipo mphamvu yace iri ndi malire. M'kamera injini imeneyi ndi kakompyuta kamene kamawerenga timadontho tonse ta pa sensa ndi kutilemba pa khadi.

Kampani ya Nikon ya ku Japan inaonetsa poyera kugawanika kumeneku m'caka ca 2001, pamene inatulutsa makamera awiri apacibale. D1X inali ndi mamegapikiseli 5.3 ndipo inali kujambula zithunzi 3 pa sekondi. D1H inali ndi 2.7 koma inali kujambula 5. Kampani ya Canon nayo inatulutsa EOS-1D ya mamegapikiseli 4 ndi zithunzi 8 pa sekondi m'caka comweco, kenaka mu 2002 inatulutsa EOS-1Ds ya mamegapikiseli 11 ndi zithunzi 3.

Masamu ace amaoneka bwino pa makamera awiri a Nikon a caka ca 2012. D800 inali ndi mamegapikiseli 36.3 ndi zithunzi 4 pa sekondi. Kuculukitsa ziwerengero ziwirizi kumapereka timadontho mamiliyoni 145 pa sekondi. D4 inali ndi 16.2 ndi zithunzi 10, ndiko kuti mamiliyoni 162. Nchito yogwiridwa pa sekondi inali pafupifupi yofanana. Cosiyana cinali sefa cabe. Komabe ku America D800 inali kugulidwa madola 3,000 pamene D4 inali madola 6,000. Ndalama zoonjezerazo zinali kulipira thupi lolimba, batire lalikulu, shata yokhalitsa, ndi polumikizira waya wotumizira zithunzi ku nyuzipepala masewera ali mkati.

M'kamera mulinso kankhokwe kosungira zithunzi kwa kanthawi pamene zikudikira kulembedwa pa khadi. Kankhokwe kakadzaza, kamera imayamba kucedwa kapena kuima kumene. D1H ija inali kusunga zithunzi 40 motsatizana, pamene D1X inali kusunga 9 zokha. Wogula afunse za kankhokwe kameneka, cifukwa kamera imene yaima pamene mkwati akubveka mkwatibwi mphete yataya nchito ya tsiku lonse.

ZA MUMDIMA

Machalichi ambiri a kumidzi ali ndi mazenera ang'onoang'ono, ndipo madyerero a ukwati amapitirira mpaka dzuwa litalowa. Anthu ambiri amanena kuti kamera ya timadontho tocepa ndiyo imaona bwino mumdima. Mauwa ali ndi coonadi cace, koma afunika kuwamvetsa bwino.

Sensa iri ngati bwalo pamene paikidwa ziwiya zotungira madzi a mvula. Pa bwalo limodzi munthu angaike mitsuko yowerengeka ikuluikulu, kapena makapu ambirimbiri ang'onoang'ono. Mtsuko uliwonse umalandira madzi ambiri kuposa kapu, koma madzi a m'makapu onse akathiridwa pamodzi amatsala pang'ono kufanana ndi a m'mitsuko. Momwemonso kadontho kakakulu kamalandira kuwala kwambiri, ndipo cithunzi cace cikakulitsidwa pa kompyuta cimaoneka coyera, pamene ca timadontho ting'onoting'ono cimaoneka ngati cawazidwa mcenga. Koma zonse ziwiri zikasindikizidwa pa pepala la muyeso umodzi, kusiyana kumacepa kwambiri, makamaka pa makamera a zaka zino. Cimene cimathandiza koposa mumdima ndi kukula kwa sensa yeniyeniyo, lenzi yotseguka kwambiri, ndi nyali ya fulashi yogwiritsidwa nchito mwaluso.

NCHITO IRIYONSE NDI CIDA CACE

Pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa Febuluwale, Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, pamene Mfumu Yaikulu Mpezeni imalawa zoyamba za m'munda. Impi zimabvina ngoma, zishango ndi zibonga ziri m'mwamba, mapazi akugunda pansi nthawi imodzi. Cithunzi cimene anthu amacifuna ndi cija phazi liri m'malere, ndipo kanthawi kameneko ndi kocepa kuposa kuphethira kwa diso. M'mwezi wa Ogasiti Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete kudzalamba Kalonga Gawa Undi. Kumeneko Gule Wamkulu amazungulira ndi kutembenuka mwadzidzidzi m'kati mwa pfumbi, ndipo palibe wojambula angauze cirombo kuti cibwereze. Pa miyambo iwiriyi, ndi pa mabwalo a mpira, kamera yaliwiro ndiyo mwini nchito. Wojambula akumbukirenso kuti miyambo iri ndi eni ace: apemphe cilolezo kwa akuluakulu, ndipo pamene aletsedwa, kamera aitsitse.

Koma pali nchito zina zimene timadontho tambiri timapambana. Yoyamba ndi cithunzi ca gulu lalikulu, monga ana a sukulu yonse kapena kwaya ya mpingo. Ana 40 akaima mu mzere umodzi, kamera ya mamegapikiseli 24, imene iri ndi timadontho 6,000 m'litali, imapatsa mwana aliyense timadontho 150. Ya mamegapikiseli 45 imampatsa toposa 200. Kholo lirilonse limagula cithunzi cotere pofuna kuona nkhope ya mwana wace, ndipo likalephera kuizindikira silibweranso caka camawa.

Yaciwiri ndi kujambula zinthu za patali. M'cigwa ca Luangwa, kufupi ndi Mfuwe, nkhwazi ingatere pa mtengo wa tsidya lina la mtsinje, kumene wojambula sangayandikire. Ndi timadontho tambiri iye angadule mbali zonse za cithunzi n'kutsala ndi pakati pokha, nkhwazi n'kuoneka ngati inali pafupi. Cithunzi ca D800 cikadulidwa kutsala cocepera theka, cimakhalabe ndi mamegapikiseli 15, pafupifupi ofanana ndi cithunzi cathunthu ca D4. Komabe nkhwazi yomweyo ikauluka kukambwandira nsomba pamadzi, mwai umabwerera kwa mwini kamera yaliwiro. N'cifukwa cace akatswiri ojambula nyama za m'chire ambiri amanyamula makamera awiri.

Yacitatu ndi kusunga mbiri ndi kusindikiza zazikulu: zojambula zakale za pa matanthwe monga za ku Mkoma kufupi ndi Katete ndi za ku Thandwe kufupi ndi Chipata, mapepala akale, nsalu ndi zosemasema zogulitsa kunja, makalendala ndi mabuku a zithunzi. Zinthu zimenezi sizithawa, motero wojambula angaimike kamera pa coimikira ca miyendo itatu ndi kudikira kuwala kwabwino. Za zikwangwani zazikulu za m'mbali mwa mseu munthu asade nazo nkhawa, pakuti zimaonedwa patali ndipo zimasindikizidwa ndi timadontho totalikirana. Kamera ya mamegapikiseli 20 imakwanira.

Nanga ukwati, umene ndiwo umabweretsa ndalama zambiri kwa wojambula wa kumudzi? Ukwati uli pakati. Muli mphindi zothawa, monga kubvekana mphete, kubvina kwa operekeza ndi misozi ya mai ace a mkwatibwi, koma zithunzi 8 kapena 10 pa sekondi zimakwanira bwino lomwe. Mulinso cithunzi ca mabanja onse awiri, koma mamegapikiseli 24 amacikwanitsa.

NDALAMA ZOSAONEKA PA BOKOSI

Mtengo wolembedwa m'sitolo ndi wa thupi la kamera lokha. Lenzi imagulidwa payokha, ndipo timadontho tambiri timafuna lenzi yabwino kwambiri. Kamera ya mamegapikiseli 60 yokhala ndi lenzi yochipa imaonetsa zolakwa za lenziyo momveka bwino, pamodzi ndi kunjenjemera kulikonse kwa dzanja. Lenzi ya akatswiri ya mamilimita 70 mpaka 200, imene ojambula mpira ndi maukwati amaikonda, yatsopano imapitirira madola 2,000 ngati iri ya Nikon, Canon kapena Sony.

Caciwiri ndi posungira. Cithunzi ca D800 ndi colemera kawiri kuposa ca D4, motero cimadzaza khadi msanga, cimafuna kompyuta yamphamvu, ndipo cimadya mabandulo ambiri potumiza. Kamera yaliwiro nayo iri ndi msampha wace: kukanikiza batani masekondi 10 pa liwiro la zithunzi 30 kumabala zithunzi 300, ndipo zonsezo zifunika kuziona cimodzicimodzi usiku kuti papezeke zitatu zogulitsa.

Cacitatu ndi magetsi. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lirilonse ngakhale m'mizinda. Kumidzi yambiri kuchaja kumadalira sola. Pa muyeso wa opanga, batire la D4 linali kujambula zithunzi 2,600 pamene la D800 linali kujambula 900. Makamera atsopano opanda kalirole m'kati amadya batire msanga kuposa akale aja, motero mabatire apadera awiri kapena atatu ayenera kulowa m'ciwerengero ca ndalama kuyambira paciyambi.

Cacinai cikhudza ogula kamera yogwirapo kale nchito, amene ndiwo ambiri. Kuyambira 2018, pamene Nikon ndi Canon anayamba kutulutsa makamera a sensa yaikulu opanda kalirole, akatswiri ambiri a maiko akunja agulitsa makamera ao akale, ndipo mitengo yace yatsika. Umenewu ndi mwai, koma shata imatha monga matayala a galimoto. Ya D800 inayesedwa kuti ifike pa zithunzi 200,000, ya D4 pa 400,000. Ciwerengeroci cimaoneka cacikulu, koma pa liwiro la zithunzi 10 pa sekondi, 400,000 zimatha m'maola 11 okha a kukanikiza batani. Kamera yaliwiro imene inali m'manja mwa wojambula masewera ingakhale yonyezimira kunja koma yotopa m'kati. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamera imasunga ciwerengero ca zithunzi zimene yajambula, ndipo wogula aumirire kuti amuonetse asanapereke ndalama. Ayang'anenso ngati sensa iribe zokanda, ngati m'lenzi mulibe nkhungu, ndi ngati makhadi ace amapezeka m'masitolo a pafupi.

MAKAMERA A ZAKA ZINO

Injini ya cigayo cija yakula. M'caka ca 2021 Sony inatulutsa Alpha 1 ya mamegapikiseli 50 ndi zithunzi 30 pa sekondi, ndipo Nikon inatulutsa Z9 ya mamegapikiseli 45.7 ndi zithunzi 20. Makamera amenewa anaphatikiza zabwino zonse ziwiri, koma pa mtengo wa madola 6,500 ndi 5,500, lenzi isanawerengedwe. Ngakhale zinatero, kugawanika sikunathe. Mu 2023 Sony inalengeza Alpha 9 III ya mamegapikiseli 24.6 yojambula zithunzi 120 pa sekondi, ndipo mu 2024 Canon inatulutsa tsiku limodzi EOS R1 ya mamegapikiseli 24 ndi zithunzi 40, ndi EOS R5 Mark II ya mamegapikiseli 45 ndi zithunzi 30. Yokwera mtengo inali R1 ija ya timadontho tocepa.

Nkhani yokondweretsa banja la kumudzi iri pa makamera a pakati. M'caka ca 2008 Nikon D3X ya mamegapikiseli 24.5 inali kugulidwa madola 8,000, ndipo inali kuchedwa kamera ya timadontho tambiri. Patapita zaka khumi, mu 2018, Sony inatulutsa Alpha 7 III pa madola 2,000, iri ndi mamegapikiseli 24 monga D3X ndi zithunzi 10 pa sekondi monga D4. Nikon Z6 II ya 2020, pa mtengo womwewo, inali ndi mamegapikiseli 24.5 ndi zithunzi 14. Ndiko kuti zimene akatswiri ochuka anali kujambulira magazini ndi masewera akuluakulu zaka khumi ndi zisanu zapitazo, lero zimapezeka m'kamera imodzi ya mtengo wapakati, ndipo yogwirapo kale nchito imatsikanso mtengo kuposa pamenepo.

UPHUNGU KWA MAKOLO NDI ANA

Banja lisanagulitse ng'ombe, mwana wofuna kamera atenge kope ndi kulemba nchito zonse zimene akuyembekeza kulipidwa m'caka cimodzi, ndi maina a oti adzalipire. Pa nchito iriyonse ayankhe mafunso atatu. Kodi cojambulidwaco cimadikira, kapena cimathawa? Kodi cithunzi cidzaonedwa pa foni, mu alubamu, kapena pa khoma lalikulu? Kodi pamalopo pamakhala kuwala kotani? Akatha kulemba, kope lomwelo lidzamuuza kamera yoyenera. Ngati kope likhala lopanda maina, ndiye kuti nthawi yogula siinakwane, ndipo ndi bwino kuti mwanayo ayambe wathandizira wojambula wina kwa nyengo imodzi, kapena kubwereka kamera pa nchito zoyamba.

Amene ali ndi pangano lojambulira nyuzipepala kapena timu ya mpira ali ndi cifukwa cogulira kamera yaliwiro. Amene amajambulira malo ogona alendo a ku Luangwa, osindikiza makalendala kapena osunga mbiri ali ndi cifukwa cogulira ya timadontho tambiri. Koma wojambula wa kumudzi, amene Loweruka ali ku ukwati, Lolemba pa sukulu, ndipo Lacitatu akujambula za pasipoti, safunikira iriyonse mwa ziwirizi. Iye agule ya pakati, ya mamegapikiseli 20 mpaka 24 ndi zithunzi pafupifupi 10 pa sekondi. Ndalama zotsala zipite ku lenzi yabwino, fulashi, mabatire, makhadi awiri kapena atatu, posungira zithunzi paciwiri kuti za ukwati wa eni ace zisatayike, ndi cikwama cochinga pfumbi ndi mvula. Ng'ombe zolimira zisagulitsidwe, pakuti miyezi ya dzinja maukwati amacepa koma munda umafunabe pulawo.

Cotsiriza ndi diso. Wojambula wa panjinga uja anali ndi zithunzi 36 zokha pa filimu imodzi, ndipo ciriconse cinali ndi mtengo wace. Iye anali kudziwa nyimbo ya ngoma, nadziwa pamene phazi liti linyamuke. Anali kudziwa mwambo wa m'chalichi, naima pamalo pabwino mbusa asanaitanitse mphete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wapatsidwa kamera ayambe wajambula nkhuku zothamanga pabwalo, ana osewera mpira wa mapepala ndi amai osinja, tsiku ndi tsiku, mpaka cala cace cizolowere nthawi yokanikiza. Akatero, ukwati woyamba umene adzaitanidwe udzamubweretsera waciwiri.